Ampulifaya ya Fender Champ 5F1

Fender Champ 5F1 ndi ampulifaya yaing'ono ya gitala yamagetsi imene imakweza mawu pogwiritsa ntchito mavalavu atatu. Inkapangidwa ndi kampani ya Fender mumzinda wa Fullerton ku California, m'dziko la United States, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mpaka mu 1964. Imatulutsa mphamvu ya ma watt pafupifupi 5, ili ndi sipika imodzi ya mainchesi 8 ndi batani limodzi lopotokola, lomwe ndi la voliyumu komanso loyatsira.

Chifukwa chakuti zipangizo zake n'zochepa, anthu ambiri amene akufuna kuphunzira kupanga ampulifaya ya mavalavu kunyumba amayambira pa 5F1. Komabe mkati mwake mumayenda magetsi oposa ma volt 300, omwe angathe kupha munthu, ndipo ena amatsalamo ngakhale pulagi itazulidwa pakhoma. N'chifukwa chake kupanga ndi kukonza ampulifayayi kumadalira kuyeza ndi mita sitepe iliyonse, osati kungoganizira.

Mbiri

Leo Fender, yemwe anayambitsa kampani ya Fender, poyamba anali wokonza mawailesi ku Fullerton ndipo sankaimba gitala. Mu 1948 kampaniyi inatulutsa ampulifaya yaing'ono yotchedwa Champion 800, ndipo kenako Champion 600. Dzinali linafupikitsidwa n'kukhala Champ. Inali yotchipa kuposa maampulifaya ena onse a kampaniyi ndipo ankaigulitsa kwa ophunzira gitala.

Dzina lakuti 5F1 ndi nambala ya pulani ya mawaya. Nambala 5 ikuimira zaka za m'ma 1950, chilembo F chikusonyeza kuti pulaniyo inali itasinthidwa kangapo, ndipo 1 ndi nambala ya Champ pamndandanda wa Fender, monga mmene 3 inalili ya Deluxe ndipo 6 ya Bassman. Bokosi lake linali la matabwa a paini okutidwa ndi nsalu yachikasu yotchedwa tweed. Mu 1964 Champ inasinthidwa maonekedwe n'kupatsidwa mabatani osinthira kamvekedwe, ndipo nyengo ya 5F1 inathera pomwepo.

Ngakhale inali ya ophunzira, Champ inakondedwa m'masitudiyo. Voliyumu ikakwezedwa, mavalavu amafika pamapeto pa mphamvu yake ndipo mawu a gitala amasasa mokoma popanda phokoso logonthetsa m'khutu. Eric Clapton anagwiritsa ntchito Champ pojambula chimbale cha Layla and Other Assorted Love Songs ku Miami mu 1970. Masiku ano makampani osiyanasiyana amagulitsa zipangizo zonse za 5F1 m'phukusi limodzi kuti munthu alumikize yekha, ndipo mavalavu atsopano akupangidwabe ku Slovakia, Russia ndi China.

Mmene valavu imagwirira ntchito

Valavu, imene ku Britain amati valve ndipo ku America amati tube, ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya komwe mkati mwake muli tizitsulo tingapo. John Ambrose Fleming anapanga valavu yoyamba mu 1904, ndipo Lee de Forest anaiwonjezera kachitsulo kachitatu mu 1906, zomwe zinachititsa kuti izitha kukweza mphamvu ya siginolo.

Mkati mwa valavu muli hita imene imatenthetsa kachitsulo kotchedwa cathode. Cathode ikatentha imatulutsa maelekitironi, ndipo iwo amakokedwa ndi kachitsulo kena kotchedwa plate, komwe kamapatsidwa magetsi ambiri. Pakati pa ziwirizi pali kawaya kokulungidwa kotchedwa grid. Magetsi a pa grid akasintha pang'ono chabe, kuchuluka kwa maelekitironi ofika pa plate kumasintha kwambiri. Siginolo yofooka ya gitala ikalowa pa grid, pa plate imatuluka itakula maulendo makumi angapo. Kuti zimenezi zitheke plate imafunika ma volt mahandiredi, ndipo apa m'pamene pamachokera ngozi ya maampulifaya a mtundu umenewu.

Zigawo za 5F1

Ampulifayayi ili ndi zigawo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi valavu yake.

Chigawo cha magetsi chili ndi thiransifoma yaikulu ndi valavu ya 5Y3GT. Thiransifomayi imatenga magetsi a pakhoma n'kutulutsa mitundu itatu: ma volt 6.3 a mahita a mavalavu awiri, ma volt 5 a hita ya 5Y3GT, ndi ma volt oposa 300 mbali iliyonse ya waya wapakati. Valavu ya 5Y3GT imasandutsa magetsi a AC kukhala DC. Kenako ma capacitor atatu akuluakulu, imodzi ya 16 µF ndi awiri a 8 µF, pamodzi ndi ma resistor a 10k ndi 22k, amasalaza magetsiwo n'kuwagawa m'magawo atatu.

Chigawo choyamba chokweza mawu ndi valavu ya 12AX7, imene ku Ulaya imatchedwa ECC83. M'kabotolo kake muli mavalavu awiri. Siginolo ya gitala imadutsa pa resistor ya 68k n'kulowa mu theka loyamba, kenako imadutsa pa capacitor ya 0.022 µF kupita pa voliyumu ya 1M, n'kulowa mu theka lachiwiri. Theka lililonse lili ndi resistor ya 100k pa plate ndi ya 1.5k pa cathode. Ntchito ya capacitor ya 0.022 µF ndi kulola siginolo kudutsa uku ikutsekereza magetsi a DC a pa plate kuti asafike pa grid yotsatira.

Chigawo chomaliza ndi valavu ya 6V6GT ndi thiransifoma yaing'ono yopita ku sipika. Valavuyi ili ndi resistor ya 470 ohm ndi capacitor ya 25 µF pa cathode. Thiransifoma yaing'onoyo imatsitsa magetsi ochuluka a valavu kuti agwirizane ndi sipika ya ma ohm 4. Palinso resistor ya 22k imene imabweza kagawo ka siginolo kuchokera ku sipika kupita ku cathode ya theka lachiwiri la 12AX7. Njira imeneyi imatchedwa negative feedback, ndipo imachepetsa kusasa kwa mawu ndi phokoso.

Popeza valavu ya 6V6GT ndi imodzi yokha, imakoka magetsi nthawi zonse kaya gitala ikulira kaya ayi. Imatentha kwambiri moti ingawotche chala, ndipo zimenezi si vuto. Maampulifaya okhala ndi mavalavu awiri otulutsira mawu amafafaniza okha kulira kwina kochokera ku magetsi, koma 5F1 siitero, choncho kayalidwe ka mawaya n'kofunika kwambiri.

Ngozi ya magetsi

Ma capacitor akuluakulu amasunga magetsi. Ampulifaya ikazimitsidwa angathe kukhalabe ndi ma volt mahandiredi kwa nthawi yaitali, makamaka ngati mavalavu anali asanatenthe kapena atachotsedwa. Munthu asanagwire chilichonse mkati, pulagi imazulidwa pakhoma, ndipo magetsi otsalawo amatulutsidwa polumikiza mbali ya + ya capacitor ku chasisi kudzera pa resistor yaikulu ndi waya wokutidwa bwino. Kenako amayeza ndi mita mpaka atatsimikiza kuti magetsi atsika kufika pa ma volt ochepa. Kugunditsa sikuludilaiva pa capacitor kumathethetsa moto ndipo kungawononge zipangizo. Anthu ambiri amamangiriratu resistor ya 220k pa capacitor yoyamba kuti magetsi azitha okha, koma amayezabe nthawi iliyonse.

Poyeza ampulifaya yoyaka, amisiri amamangirira waya wakuda wa mita ku chasisi ndi kapani, n'kugwira waya wofiira ndi dzanja limodzi, dzanja linalo lili m'thumba kapena kumbuyo. Cholinga chake n'chakuti munthu akagwidwa nyesi, magetsi asadutse pachifuwa kuchoka kudzanja lina kupita kulinzake. Mphete, wotchi ndi unyolo wa m'khosi zimavulidwa. Pakati pa pini 4 ndi pini 6 ya 5Y3GT pamakhala ma volt oposa 600 a AC, choncho mita ndi mawaya ake ziyenera kukhala zopirira mlingo umenewo. Mawaya a ma volt 5 a hita ya 5Y3GT amanyenga anthu ambiri: pakati pa awiriwo pali ma volt 5 okha, koma poyerekeza ndi chasisi ali ndi ma volt oposa 300.

Maampulifaya ambiri a ku America a nthawi imeneyo anali ndi pulagi ya mano awiri, yopanda earth, ndi capacitor yolumikiza waya wa magetsi a pakhoma ku chasisi. Capacitor imeneyi ikachita shoti, chasisi ndi nsambo za gitala zimakhala ndi magetsi a pakhoma, ndipo amisiri anaipatsa dzina lakuti death cap. Mu ampulifaya yatsopano siiikidwa. M'malo mwake amaika chingwe cha mawaya atatu, ndipo waya wa earth amamumangirira ku chasisi ndi bawuti yakeyake. Fyuzi ndi swichi zimakhala pa waya wa live.

Mapulani ambiri a 5F1 analembedwera magetsi a ku United States, omwe ndi ma volt 120 pa 60 Hz. Ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain magetsi ndi ma volt 230 pa 50 Hz. Thiransifoma ya ma volt 120 ikalumikizidwa pa 230 imapsa nthawi yomweyo kapena kuwononga ma capacitor. Kumayiko amenewa pamafunika thiransifoma yopangidwira ma volt 230 ndi 50 Hz, komanso fyuzi ya mlingo pafupifupi theka la umene walembedwa pa pulani ya ku America.

Kamangidwe

Zida zofunika ndi chowotcherera, solder, mita yoyezera ma volt ndi ma ohm, pulayala, chodulira waya ndi masikuludilaiva. Pamafunikanso zithunzi ziwiri: pulani ya kayendedwe ka magetsi ndi chithunzi chosonyeza malo a chipangizo chilichonse.

Ntchito imayamba ndi kuyeza resistor iliyonse isanawotchereredwe. Mitundu yolembedwa pa ma resistor imasokoneza: ya 470 ohm ili ndi mizere yachikasu, yapepo ndi yabulawuni, pamene ya 470k ili ndi yachikasu, yapepo ndi yachikasu. Kusiyana kwa mzere umodzi kumatanthauza kusiyana maulendo 1,000. Ma resistor ndi ma capacitor amaikidwa pa kabolodi ka timabowo tachitsulo, monga mmene Fender ankachitira. Ma capacitor akuluakulu ndi a 25 µF ali ndi mbali ya + ndi ya –, ndipo akatembenuzidwa amatupa kapena kuphulika.

Kenako mathiransifoma, masoketi a mavalavu, majaki ndi voliyumu zimamangidwa pa chasisi. Mawaya a hita amayamba kuikidwa chifukwa amakhala pansi pa ena onse. Amapiringizidwa awiriawiri mothinana n'kuyalidwa m'mphepete mwa chasisi, kutali ndi mawaya a grid. Amapita pa pini 2 ndi 7 ya 6V6GT, ndipo pa 12AX7 wina amapita pa pini 4 ndi 5 zolumikizidwa pamodzi, wina pa pini 9. Fender ankagwiritsa ntchito chasisi ngati waya wachiwiri wa hita, koma masiku ano ambiri amayendetsa mawaya awiri n'kuwalumikiza ku chasisi kudzera pa waya wapakati wa thiransifoma kapena pa ma resistor awiri a 100 ohm, chifukwa zimachepetsa kulira.

Mawaya a grid amakhala aafupi. Akafunika kudutsana ndi mawaya a hita kapena a plate, amadutsana mopingasa osati kuyenda limodzi. Malo olumikizira ku chasisi amagawidwa pawiri: a capacitor yoyamba ndi waya wapakati wa thiransifoma amakhala pafupi ndi thiransifomayo, pamene a 12AX7 amakhala pafupi ndi majaki a gitala. Mapini a soketi amawerengedwa motsatira kayendedwe ka wotchi munthu akamayang'ana soketiyo chakunsi, kumene kumawotchereredwa mawaya. Powotcherera pabwino pamaoneka posalala, solder atazungulira waya yense. Pakaoneka ngati kampira kongokhala pamwamba, pamafunika kubwereza.

Kuyatsa koyamba

Ampulifaya isanayatsidwe, waya aliyense amayerekezedwa ndi pulani n'kuchongedwa papepala. Mita imagwiritsidwa ntchito kutsimikiza kuti dzino la earth la pulagi lalumikizana ndi chasisi, ndiponso kuti mbali ya + ya ma capacitor akuluakulu sinagunde chasisi.

Poyatsa koyamba ambiri amadutsitsa magetsi pa babu lakale la kawaya, la ma watt 40 mpaka 60, lolumikizidwa motsatizana ndi ampulifaya pa waya wa live. Ngati zonse zili bwino babulo limawala pang'ono kenako n'kuzilala. Likawala kwambiri osazilala ndiye kuti penapake pali shoti, ndipo babulo limamwa magetsi amene akanawotcha thiransifoma. Mababu a LED ndi osunga magetsi sagwira ntchito imeneyi.

Kuyatsaku kumachitika m'masitepe. Choyamba ampulifaya imayatsidwa yopanda mavalavu, n'kuyeza ma volt 6.3 ndi 5 a mahita. Kenako imazimitsidwa, amaika 5Y3GT ndi kuyeza DC pa ma capacitor. Pa sitepe imeneyi magetsi amakwera kuposa masiku onse chifukwa palibe chowakoka, choncho siitenga nthawi yaitali. Pomaliza amalumikiza sipika n'kuika 12AX7 ndi 6V6GT. Ampulifaya ya mavalavu siiyenera kulizidwa popanda sipika, chifukwa thiransifoma yaing'ono imapanga magetsi ochuluka amene amaboola zokutira mawaya ake.

Babu likachotsedwa, miyezo ya 5F1 yabwino imakhala pafupi ndi iyi:

Capacitor yoyamba: ma volt 340
Capacitor yachiwiri: ma volt 295
Capacitor yachitatu: ma volt 250
Plate za 12AX7, pini 1 ndi 6: ma volt 150
Cathode za 12AX7, pini 3 ndi 8: ma volt 1.5
Cathode ya 6V6GT, pini 8: ma volt 18
Grid ya 6V6GT, pini 5: 0

Manambalawa amasintha malinga ndi thiransifoma komanso magetsi a pakhoma tsiku limenelo, ndipo kusiyana pang'ono si vuto. Muyezo wa cathode ya 6V6GT umathandiza kudziwa ngati valavuyo ikulemedwa. Ma volt 18 akagawidwa ndi ma ohm 470 amapereka pafupifupi 0.038 A. Ngati pakati pa plate ndi cathode pali ma volt 315, valavuyo ikutentha ndi ma watt pafupifupi 12, womwe ndi mlingo wa pafupi ndi malire a 6V6GT.

Mavuto ofala ndi kafufuzidwe kake

Mu ampulifaya yongopangidwa kumene, vuto limakhala kawirikawiri pa waya woiwalika, waya wopita pa pini yolakwika, resistor yosinthanitsidwa kapena powotcherera posagwira. Chipangizo chatsopano chowonongeka chimapezeka mwa apo ndi apo. Kusintha zipangizo mwachisawawa kumawonjezera mavuto. Njira yodalirika ndi kuyamba ndi chigawo cha magetsi, kenako kubwerera m'mbuyo kuchokera ku sipika mpaka ku jaki ya gitala, n'kumasintha chinthu chimodzi pa nthawi.

Fyuzi ikamapsa, mavalavu onse amachotsedwa. Ikapsabe ndiye kuti vuto lili pa mawaya a pakhoma, a hita kapena thiransifoma. Ikamapsa pokhapokha 5Y3GT itaikidwa, vuto lili pa valavuyo, pa capacitor yotembenuzidwa kapena pa waya wa DC wogunda chasisi. Kuika fyuzi yaikulu kapena kawaya m'malo mwa fyuzi kumawotcha thiransifoma, yomwe ndi chipangizo chodula kwambiri mu ampulifayayi.

Ampulifaya ikayaka koma osatulutsa mawu, choyamba amaona ngati mahita onse akuwala. Kenako amayeza mapini. Nsonga ya mita ikakhudza pini 5 ya 6V6GT, sipika imamveka kuti "thi", ndipo pa pini 7 ya 12AX7 imamveka mokwererapo ngati voliyumu ili pamwamba. Pamene kaphokosoka kalekera ndi pamene siginolo yaduka. Plate ya 12AX7 ikakhala ndi ma volt ofanana ndi a capacitor yachitatu, cathode ili pa 0, ndiye kuti valavuyo sikukoka magetsi. Plate ikakhala pa 0, resistor ya 100k yaduka kapena sinalumikizidwe. Jaki yolumikizidwa motembenuza imatayanso siginolo yonse ku chasisi.

Kulira kokwera ngati wezulo kumene kumayamba mavalavu akangotentha n'kofala kwambiri mu 5F1 yatsopano. Kumachitika siginolo yobwezedwa pa resistor ya 22k ikamawonjezera m'malo mochepetsa. Kuti atsimikize, amachotsa mwendo umodzi wa resistor imeneyo. Kulirako kukasiya, amasinthanitsa mawaya awiri a thiransifoma yaing'ono a mbali ya valavu, omwe nthawi zambiri amakhala wofiira ndi wabuluu, n'kubwezeretsa resistor ija.

Kulira kwapansipansi kosalekeza kuli mitundu iwiri. Kokhala pansi kwambiri, kwa 50 kapena 60 Hz malinga ndi dziko, kumachokera ku mawaya a hita kapena ku malo olumikizira ku chasisi. Kokwererapo, kwa 100 kapena 120 Hz, kumachokera ku ma capacitor akuluakulu. Kulirako kukamakula ndi voliyumu, gwero lake lili voliyumu isanafike, ndiko kuti ku jaki kapena ku theka loyamba la 12AX7. Kukapitirira 12AX7 itachotsedwa, gwero lili ku chigawo cha magetsi kapena cha 6V6GT. Kulira pang'ono kongomveka khutu likayandikira sipika n'kwachibadwa pa ampulifayayi.

Kuthetheka ndi kudukaduka kwa mawu kumasonyeza polumikizira posagwira kapena soketi yakhwepa. Amafufuza pogogoda ndi kusuntha mawaya pang'onopang'ono ndi kamtengo kouma, ampulifaya ili yoyaka. Pensulo siigwiritsidwa ntchito chifukwa mtima wake umadutsa magetsi. Valavu ya 12AX7 ikamalira ngati belu poigogoda, imasinthidwa. Kulira kwa phuphuphu ngati injini ya boti kumachokera ku capacitor yaikulu yofooka kapena yosalumikizidwa bwino ku chasisi.

Plate ya 6V6GT ikafiira ngati khala, ampulifaya imazimitsidwa nthawi yomweyo. Kuwala kwa hita pakati pa valavu n'kwabwinobwino, koma chitsulo chotuwa chozungulira sichiyenera kufiira. Zimene zimayambitsa ndi capacitor ya 0.022 µF yodutsitsa DC kupita pa pini 5, resistor ya 220k ya pa grid yosalumikizidwa ku chasisi, kapena capacitor ya 25 µF ya pa cathode yochita shoti.

Zosintha zimene anthu amachita

Ambiri amaika resistor ya 470 ohm yopirira ma watt 5 chifukwa pamalo amenewa pamatentha, ndipo amaitalikitsa pang'ono ndi capacitor ya 25 µF. Ena amaika swichi yochotsera negative feedback kuti mawu azisasa msanga, kapena amaika sipika ya mainchesi 10 kapena 12 m'bokosi lalikulu. Sipika yatsopano iyenera kukhala ya ma ohm ogwirizana ndi thiransifoma yaing'ono. Kukulitsa capacitor yoyamba kumachepetsa kulira, koma kukapitirira malire olembedwa a 5Y3GT kumafupikitsa moyo wa valavuyo. Kusintha kulikonse kumachitika ampulifaya itayamba yagwira bwino ntchito monga mwa pulani yoyambirira, ndipo miyezo yake italembedwa kuti pakhale poyerekezera.